Malo a boma amati ndi a tonse, nde bwanji akutitchingira ndi zingwe?

Woyenda_Pansi:

Anzanga ndithandizeni kumvetsa chinthu china chake chifukwa chandidya mutu sabata yonse. Wikendi yapitayi tinanyamukana ine ndi anzanga atatu kukagona kutchire, malo ena ake a boma, pali nkhalango ndi kanyanja pakati, tinatenga matenti, mbedza ndi galu wanga yemwe sindimusiya olo ndikupita kuti. Pageti talipira bwinobwino, laisensi ya mbedza tagula, palibe chomwe tazemba. Tikufika kugombe komwe ndimakukonda, pamchenga pomwe ndakhala ndikukhoma tenti zaka zitatu zotsatizana, tapeza atchinga ndi chingwe ayikapo ndi chikwangwani choti osadutsa mpaka patatha miyezi itatu, ati mbalame zikuikira mazira. Mbalame zakezo sindinazione nkomwe, mchenga unangoti mbee. Kenako renja watulukira, akuti galu asachoke pachingwe, akuti mbali ina ya nyanja boti ya injini siloledwa, akuti nsomba yosafika saizi yakutiyakuti muziyibweza m'madzi. Ndinangoti aaa nde tabwera kudzapuma kapena tabwera kusukulu?

Chomwe chinandipweteka kwambiri nchoti madzulo tikucheza naye renja yemweyo pamoto anatiuza yekha kuti kuseri kwa phiri, malo a boma omwewo, nyengo yake ikakwana amalola anthu a mifuti kukasaka bola akhale ndi pemiti. Nde tandiuzani, galu wanga yemwe sanaphepo olo buluzi ndi amene akuononga chilengedwe koma munthu wa mfuti ayi? Ine ndikuona ngati pali kukondera, amene ali ndi ndalama yogula mfuti ndi pemiti amulola aphe, ife oyenda pansi atitchingira ndi chingwe.

Funso langa nali. Anthu amene amayendetsa malo ngati amenewa, nkhalango, mapaki, nyanja ndi mitsinje ya boma, amasungira nyama kapena amasungira anthu? Ndipo amaona chani ponena kuti apa lowani apa ayi? Sindikufuna kutukwana munthu, ndikungofuna ndidziwe ngati pali nzeru kuseri kwake kapena nkungofuna kuoneka kuti ali pantchito basi.

Mlonda_Wopuma:

Achimwene, ntchito imene mukuidandaulayi ndinaigwirapo zaka zambiri mpaka mawondo anakana, zingwe ngati chimenecho ndazimangapo zambiri ndipo kutukwanidwa ndinazolowera, nde ndiloleni ndiyambe ndi mchenga wanu unangoti mbee uja.

Mbalame zoikira pamchenga sizimanga chisa ngati mmene mukuganizira. Imangopalasa kadzenje kosaya ngati chikhatho cha mwana, nkuikira mazira awiri, atatu kapena anayi, mazira ake mtundu wa mchenga womwewo ndi timadonthomadontho takuda. Ine amene ndinkalipidwa kuti ndiziwaona ndinatsala pang'ono kuponda chisa tsiku lina, nsapato inali kale m'mwamba, chinandipulumutsa ndi mayi wake amene anayamba kuthamanga patsogolo panga akukoka phiko limodzi pansi ngati lathyoka, kuti ndimutsatire iye ndisiye mazira. Nditayang'ana pansi ndi pomwe ndinawaona, timazira titatu pafupi ndi chala cha nsapato. Kuti simunazione ndiye kuti zikubisala bwino, si kuti kulibe.

Tsono galu wanu safunika kugwira mbalame kuti aiphere ana. Mbalame ikaona chamiyendo inayi chikuthamanga pagombe, kwa iyo ndi nkhandwe basi, sidziwa zoti ali ndi dzina ndipo amagona pamkeka. Imadzuka pamazira galu adakali kutali, ndipo imachedwa kubwerera kuposa ikaona munthu. Mazira akakhala poyera padzuwa la masana mchenga ukutentha, kamwana ka mkati kamafa, ndipo akhwangwala amakhala ali pamtengo kudikirira mphindi imeneyoyo. Inu mumabwerera kutenti mukunena kuti galu wanga sanakhudze kanthu, ndipo simukunama. Kufungatira kumatenga pafupifupi mwezi, anapiye akaswedwa amatenganso masabata angapo asanauluke, komanso si onse amaikira tsiku limodzi, ena mazira oyamba akaonongeka amaikiranso. Mukaphatikiza ndi imeneyo miyezi itatu ija.

Pa funso loti amasungira nyama kapena anthu, yankho lake ndi lovuta chifukwa lamulo limawalamula zonse ziwiri nthawi imodzi. Yellowstone ku America inakhazikitsidwa mu 1872 ndipo ambiri amaitenga ngati paki yoyamba ya mtundu umenewu, ndipo bungwe loyang'anira mapaki akumeneko litakhazikitsidwa mu 1916, lamulo lake linati asunge malowo ndi nyama zake, anthu asangalale nawo, koma awasiye osaonongeka kuti obadwa mtsogolo adzawapeze. Mayiko ambiri anatengera ganizo lomwelo. Nde tangoganizani, akuuzani kuti alendo adye akhute koma chakudya chisachepe. Chomwe oyang'anira angachite ndi kugawa basi, amagawa malo, apa tenti apa ayi, amagawa nthawi, miyezi iyi ya mbalame miyezi iyi ya anthu, ndipo akapanikizika amagawa chiwerengero, anthu akuti patsiku osapitirira.

Akapanda kutero chimachitika nchomwe chinachitika ku Maya Bay ku Thailand. Kagombe kakang'ono kokongola, kanatchuka, maboti ankabwera ndi anthu masauzande patsiku, anangula ndi mainjini kuphwanya makorali, miyala yamoyo ija ya pansi pamadzi, mpaka mu 2018 boma linatseka kotheratu. Anatsegulanso mu January 2022, tiana ta shaki titabwerera kudzakulira momwemo, koma ndi malamulo oti boti isalowe mugombemo ndipo osasambira. Anthu aja palibe ndi mmodzi yemwe anapita ndi cholinga choononga, aliyense anali ngati inuyo, wabwera kudzapuma.

Ndipo alendo a mtima wabwino ndi amene amationjeza kuposa oipa. Mu 2023 ku Yellowstone komweko bambo wina anaona kamwana ka njati za kumeneko kakuvutika kuoloka mtsinje wa Lamar, anakakankhira kumtunda kuti akathandize, gulu lake linakakana, kanayamba kutsatira anthu ndi magalimoto pamsewu, mapeto ake marenja anakapha. Nchifukwa chake kumeneko amati njati uzitalikirana nayo mamita 23, chimbalangondo ndi mmbulu mamita 91.

Za kuseri kwa phiri zija, malo a boma si amtundu umodzi olo ali oyandikana. Mkati mwa Yellowstone kusaka nkoletsedwa, koma mukangodutsa malire kulowa nkhalango za boma zozungulira, kusaka ndi laisensi nkololedwa, kwinanso amadula mitengo ndi kudyetsa ng'ombe. Chikwangwani chimodzi, malamulo awiri. Ndipo nyengo yosaka saiika nthawi yomwe nyama zikubereka, nde osaka aja nawonso ali ndi chingwe chawo, kungoti inu simunachione.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse timachita zinali zanzeru. Ndaonapo chingwe chikukhala chaka chonse chifukwa palibe anakumbuka kukachimasula, ndaonapo chikwangwani chongoti NDI KOLETSEDWA osanena chifukwa, munthu wayenda ulendo wautali wangofika nkupeza zimenezo. Pamenepo mkwiyo wanu ndimaumva. Zikanalembedwa pa intaneti kapena kukuuzani pageti musanalipire bwenzi mutasankha gombe lina mulibe nkhani.

Nyenyezi_K:

Madala mwafotokoza bwino za mbalame ndipo pamenepo sinditsutsa, koma mawu oti malo a tonse aja ine amandiyabwa, tonse ake ndani? Yellowstone mwayitchulayo sikuti anaipeza ili yopanda anthu, munali eni ake, a Shoshone, a Crow, a Bannock ndi ena ankasaka ndi kudutsa momwemo kwa zaka masauzande, paki itabwera anawakankhira kunja kenako nkumauza alendo kuti onani dziko lomwe munthu sanalikhudze. Ndipo njira imeneyo inafalikira. Amasai anawachotsa mu Serengeti ku Tanzania mu 1959. A Batwa ku Uganda anawatulutsa mu nkhalango za Bwindi ndi Mgahinga mu 1991 pomwe zinkasanduka mapaki a anyani akuluakulu aja otchedwa gorila, anthu oti moyo wawo wonse unali nkhalango, uchi, mankhwala, manda a makolo awo, lero amakhala m'mphepete ena nkumavinira alendo kuti apeze kangachepe.

Nde achimwene a Woyenda_Pansi inu mwadandaula kuti akuletsani kukhoma tenti miyezi itatu, pepani ndithu, koma ganizirani munthu amene akumuletsa kutola nkhuni pomwe agogo ake anabadwira, njovu ikatuluka mpaki nkudya munda wake usiku umodzi palibe womulipira, koma iye akalowa kutsatira mbuzi yake amangidwa. Kupuma kutchire ngati zosangalatsa ndi kwa munthu amene ali ndi galimoto, tchuthi ndi ndalama ya pageti. Kukaona gorila ku Rwanda pemiti yake ndi madola 1,500 munthu mmodzi kwa ola limodzi. Ndikudziwa kuti gorila a m'mapiriwo achulukako, anadutsa 1,000 ndipo mu 2018 anawachotsa pagulu la nyama zomwe zatsala pang'onong'ono kutha nkuwaika pa gulu lotsatira, ndikudziwanso kuti Rwanda imapatula 10 peresenti ya ndalama za mapaki kupita ku midzi yozungulira, nzabwino, koma 10 yokha kwa anthu amene amagona ndi nyamazo tsiku ndi tsiku, ine ndimaona kuti ndi yochepa.

Chikundidetsa nkhawa nchoti mu December 2022 ku Montreal ku Canada mayiko anagwirizana kuti pofika 2030, 30 peresenti ya mtunda ndi nyanja ikhale yotetezedwa. Papepala nzokoma. Koma malo amenewo akachokera kuti? Sakagumula mzinda, akapita komwe kuli anthu opanda mapepala a malo.

Sikuti palibe njira ina ayi. Ku Australia thanthwe la Uluru boma linalibweza kwa eni ake a Anangu mu 1985, nkumayendetsa paki limodzi, ndipo mu October 2019 kukwera pathanthwelo kunaletsedwa chifukwa eni ake ankanena kuyambira kale kuti ndi malo opatulika. Alendo sanasiye kupita. Komanso mayi wina Elinor Ostrom analandira mphoto ya Nobel mu 2009 chifukwa choonetsa kuti anthu wamba amatha kusamala nkhalango, msipu ndi nsomba zawo okha kwa zaka mazana, akakhala kuti malamulo apanga nawo, malire akudziwika ndipo wolakwa amalangidwa ndi anzake omwe. Ine vuto langa si chingwe, ndi loti pomanga chingwecho anafunsa ndani.

Za mfuti ndiye ndili mbali yanu achimwene, munthu kuwoloka nyanja kudzawombera mkango kuti akapachike mutu pakhoma nkumati ndikuteteza chilengedwe, ine sizindilowa.

Mlenje_wa_Pemiti:

Achemwali ndikudziwa kuti pano ndikhala ine woipa koma ndiyankhebe, ine ndimasaka, ndi laisensi, ndipo zomwe ndapha ndimadya, za mitu yapakhoma si zanga.

Tiyambe ndi funso loti malo amenewa amalipira ndani, chifukwa renja amafuna malipiro, galimoto ya patrol imafuna mafuta, fensi ikaduka imafuna waya. Ku America cha m'ma 1900 nyama zambiri zinali zitatsala pang'ono kutha, njati zomwe zinali mamiliyoni makumi zinatsala zosakwana 1,000, nkhunda zina zomwe zinkadetsa kumwamba zikamauluka yomaliza inafera mu zoo ku Cincinnati mu 1914. Anazimaliza ndi osaka ogulitsa, opanda nyengo, opanda malire. Ndipo amene anakakamira kuti pakhale malamulo ambiri anali osaka anzawo, Theodore Roosevelt mwiniwakeyo, pulezidenti wa America nthawi imeneyo, anali mlenje wotheratu koma ndi amene anakhazikitsa malo oyamba a boma otetezera mbalame, Pelican Island, mu 1903. Mu 1934 anayambitsa sitampu ya abakha, aliyense wosaka abakha azigula chaka ndi chaka, inayamba pa dola imodzi pano ndi madola 25, ndipo pa dola iliyonse masenti 98 amapita kukagula ndi kusunga madambo. Mu 1937 kunabwera lamulo la Pittman-Robertson, msonkho pa mfuti ndi zipolopolo, 11 peresenti pa mfuti zazitali, ndalama yake imapita ku nthambi zoona za nyama m'zigawo. Mu 1950 anachitanso chimodzimodzi pa zida zowedzera. Madambo ogulidwa ndi ndalama ya abakha aja mumakhalanso achule, akamba ndi mbalame zomwe palibe amaziwombera, ndipo wojambula zithunzi amalowamo osagula chipolopolo olo chimodzi. Pa nsapato zoyendera m'phiri, tenti ndi kamera palibe msonkho ngati umenewo, nkhani yake imabuka kenako nkuzilala.

Chachiwiri, malo ambiri zilombo zolusa tinazimaliza kale, nde agwape akachuluka palibe wowachepetsa, amadya timitengo tonse tongomera, nkhalango imatsala ya mitengo yokalamba yokhayokha pansi pali mbee, kenako iwo omwe nkumafa ndi njala kapena kugundidwa pamsewu. Ku Yellowstone mimbulu inatha m'ma 1920, mphalapala za kumeneko zinachuluka mpaka kumaliza misondodzi ya m'mphepete mwa mitsinje, mu 1995 ndi 1996 anakatenga mimbulu 31 ku Canada kudzaibwezeramo. Akatswiri amakanganabe kuti mimbuluyo yasintha zinthu mpaka pati, koma si paliponse ungabwezere mmbulu, pafupi ndi makola a anthu sizingatheke, nde ntchito imeneyo imagwera mfuti. Ndipo si zongolowa nkumawombera, amawerenga kaye nyama, amatulutsa mapemiti owerengeka, amakuuza yamphongo kapena yaikazi, ukapha umakalembetsa.

Za ku Africa ndi zovutirapo, ndikuvomera. Kenya inaletsa kusaka mu 1977 koma nyama m'malo odyetsera ziweto zatsikabe kupitirira theka kuchokera nthawi imeneyo, sindikunena kuti chifukwa ndi chiletsocho, anthu achuluka, minda, mafensi, chilala, koma zikuonetsa kuti kuletsa mfuti pakokha sikupulumutsa nyama. Botswana inaletsa mu 2014 nkutsegulanso mu 2019, ili ndi njovu pafupifupi 130,000 ndipo anthu akumidzi ndi amene ankalira. Namibia mu 1996 inapatsa midzi mphamvu pa nyama za m'dera lawo, pano madera oterewa apitirira 80, ena amapeza ndalama ndi maloji ena ndi kusaka, maka komwe kuli kouma kopanda msewu komwe wa kamera sangapiteko. Ndipo 2020 corona itatseka ndege tinaona tonse kuti paki yodalira alendo okha imagwa mwezi umodzi.

Zolakwika zilipo sindibisa. Nthambi yoona za nyama ikamadalira ndalama ya osaka imayamba kukonda nyama zosakidwa nkuiwala zina. Kwina chiwerengero cha mapemiti chimakwera chifukwa wina wadyapo, kwina ndalama imathera mtauni osafika kumudzi, pamenepo achemwali mukunena zoona. Ndipo zipolopolo za mtovu zimapha miimba yodya zotsala, America inaletsa mtovu posaka abakha mu 1991 koma pa nyama zina malo ambiri akuwomberabe, ine ndinasiya.

Kadzidzi77:

kkkkk nde galu wa achimwene walowa mpaka nkhani ya Roosevelt. Koma zoona zake agalu athuwa timawaikira kumbuyo ngati ana, wanga ndinkalumbira kuti ndi wofatsa mpaka tsiku lomwe anabwera ndi kamwana ka kalulu kukamwa akugwedeza mchira ngati wapambana mayeso. Mangani chingwe amwene, sichiluma.

Mbedza_Yanga:

Onse mwakamba za kumtunda, ine ndikambeko za m'madzi chifukwa mwini funso anatchula boti ndi saizi ya nsomba ndipo palibe wamuyankha.

Vuto la madzi ndi loti kuonongeka kwake sikuoneka. Nkhalango ikadulidwa aliyense amaona zitsa, koma nyanja ikatha nsomba pamwamba imaonekabe yokongola chimodzimodzi, umangodabwa kuti bwanji masiku ano ndikukhala maola atatu osamva kugwedeza. Ku Canada kufupi ndi Newfoundland nsomba ya cod ankaigwira kwa zaka pafupifupi 500, anthu ankaona ngati singathe, zombo zikuluzikulu zokoka makoka pansi zitabwera inatha, mu 1992 boma linatseka usodzi wake ndipo anthu oposa 30,000 ntchito inawathera nthawi imodzi. Ankati atseka zaka ziwiri, zinadutsa zaka 30.

Saizi ija cholinga chake nchoti nsomba iswane kaye olo kamodzi musanaidye. Malo ena amaletsanso zazikulu kwambiri, ndipo poyamba zinkandidabwitsa mpaka nditamva kuti nsomba yaikazi yaikulu imaikira mazira ochuluka kutalitali kuposa ting'onoting'ono, nde imene tonse timafuna kujambulitsa nayo ndi imene nyanja ikuidalira. Pobweza pamafunikanso luso, ine ndimanyowetsa kaye manja chifukwa dzanja louma limachotsa kuterera kwa pakhungu kuja komwe kumaiteteza ku matenda, kandowe ka mbedza ndimakaphwanya ndi pulayala kuti izituluka msanga, ndipo ikatopa ndimaigwira m'madzi mutu kuloza komwe madzi akuchokera mpaka itadzikankha yokha. Kuiponya ngati mwala nkungoipha mochedwa.

Boti ya injini m'madzi osaya imavundula matope, imadula udzu wa pansi pomwe tiana ta nsomba timabisala, ndipo mafunde ake amakafika kugombe nkumiza zisa zomwe madala akamba zija. Nde mbali ina amaisiyira opalasa ndi nkhafi. Kugawa kotereku kumagwira ntchito, ku Great Barrier Reef ku Australia mu 2004 anakulitsa malo oletsedwa kuwedza kuchoka pa osakwana 5 peresenti kufika pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, asodzi analira, koma nsomba za mkati zikakula mazira ndi tiana take timatengedwa ndi madzi kupita kunja komwe kuwedza nkololedwa. Ku Cabo Pulmo ku Mexico anali asodzi eni ake amene anapempha kuti malo awo atsekedwe, paki inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo pakati pa 1999 ndi 2009 kuchuluka kwa nsomba kunakwera kupitirira kanayi, pano amadya za alendo odzasambira pansi pamadzi.

Koma chomwe ine ndimaopa kuposa ukonde ndi chinthu chobwera nacho. Ku Lake Victoria anathiramo nsomba ya Nile perch m'ma 1950 kuti usodzi ukule, inadya timitundu ta nsomba za momwemo, mitundu pafupifupi 200 yomwe sinkapezeka kwina kulikonse inasowa. Ku nyanja ya Yellowstone mu 1994 anapezamo mtundu wachilendo wa nsomba ya trout, unayamba kudya trout ya momwemo yomwe zimbalangondo ndi nkhwazi zinkadalira ikamakwera mitsinje, mpaka lero akuichotsa ndi maukonde, mamiliyoni, siikutha. Tinkhono ta m'madzi totchedwa zebra tinafika ku Great Lakes, nyanja zikuluzikulu za pakati pa America ndi Canada, cha mu 1988 m'madzi a m'zombo, kenako tinafalikira nyanja zina pomata pansi pa maboti a anthu ongopita kokasangalala. Namasupuni nayenso kachidutswa kamodzi kokola pa injini nkokwanira. Nde akakuimitsani kuti titsuke boti, kapena akati nyambo zamoyo zotsala musathire m'nyanja, musaone ngati akukuvutitsani, zimenezi zikalowa sizituluka.

Woyenda_Pansi:

Eee ndinabwera ndi mkwiyo ndikubwerera ndi homuweki kkk. Madala za mbalame yokoka phiko zija zandikumbutsa, chaka chatha pagombe lomwelo ndinaona kambalame kakuchita zimenezozo patsogolo pa galu, ndinkati kavulala mpaka ndinkafuna ndikagwire ndikathandize, galu anakathamangitsa kakangouluka bwinobwino ife nkumaseka. Nde kuteroko tenti yanga inali pafupi ndi mazira usiku wonse. Zandikhudza pang'ono.

Za mfuti a Mlenje ndamva masamu ake koma mtima sunavomerebe, maka za mikango, ndipo funso la achemwali a Nyenyezi loti anafunsa ndani silinayankhidwe. Ine pageti paja ndimalipira chaka chilichonse koma sindinamvepo kuti kuli msonkhano woti ogwiritsa ntchito malowa tinenepo maganizo. Zimachitika zimenezo kapena zimangothera muofesi?

Mlonda_Wopuma:

Zimachitika achimwene, malo ambiri amakhala ndi pulani yoyendetsera yomwe amaikonzanso pakapita zaka zingapo, ndipo mayiko ambiri lamulo limafuna kuti asanaisainire aitulutse anthu anenepo. Vuto ndi momwe amaitanira, kachidziwitso kakang'ono pabolodi la ofesi, msonkhano mkati mwa sabata m'mawa anthu ali kuntchito kapena kumunda, chikalata chake masamba mazana m'chilankhulo cha akatswiri. Misonkhano yomwe ndinakhalapo ine, mipando yakutsogolo inkadzaza ndi eni maloji ndi magulu a osaka chifukwa iwo amadziwa tsiku lake ndipo amabwera ndi mapepala, anthu a m'midzi yoyandikana amafika atatu kapena anayi wina nkumawamasulira mwachidule, oyenda pansi ngati inu ndiye sindikumbuka kuti ndinaonapo. Nde mwana wanga Nyenyezi sakunama.

Mukapitanso funsani paofesi kuti pulani ya malowa ili kuti ndipo idzakonzedwanso liti, musiye nambala. Mufunsenso ngati amafuna anthu odzipereka owerenga zisa, nthawi yanga tinkasowa anthu oterowo, tinkapereka mabainokyula nkumuika munthu kunja kwa chingwe m'mawa dzuwa lisanatenthe, iye nkumalemba kuti zisa zingati, anapiye angati. Chiwerengero chimenecho ndi chomwe tinkapita nacho kwa abwana ponena kuti gombe litsegulidwe msanga kapena chingwe chisunthidwe. Galu yekhayo mumusiye kutenti ndi anzanu tsiku limenelo.